Mwana wanga akuti ubatizo wanga ndi wachabe: kodi mizati ya Chikhristu ndi iti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Dedza, ndipo ndaifupikitsa pang'ono:

"Abusa, ndili ndi zaka 54. Ndinabatizidwa ndili wakhanda, ndinalowa kalasi, ukwati wanga unadalitsidwa m'tchalitchi, ndipo ndine mayi wa Chigwirizano. Mwana wanga wamwamuna wabwera kuchokera ku koleji atasinthiratu. Mowa anasiya, ndipo pa ichi ndikuyamika Mulungu. Koma akuti ubatizo wanga ndi wachabe poti sanandimize m'madzi, komanso kuti ndilibe Mzimu Woyera chifukwa sindiyankhula malilime. Mlongo wake akavala thalauzi amamuuza kuti akulowera ku gehena. Kwinaku mnzanga wa mpingo wa Sabata amene timagulitsa naye tomato amati kupemphera Lamulungu n'kulakwa. Usiku sindiona tulo. Kodi zaka zonsezi ndangotaya nthawi? Nanga pa zonse zimene mipingo imaphunzitsa, ndingadziwe bwanji zimene munthu sangakhale Mkhristu popanda izo?"

Mayi, pepani ndi kusowa tulo, ndipo mtima ukhale m'malo. Simunataye nthawi. Funso lanuli ndalimva m'mavesitile, pa maliro, ngakhale m'minibasi kwa zaka zoposa makumi atatu za ubusa wanga, ndipo ndi lakale kuposa mpingo uliwonse wa m'Malawi muno, chifukwa atumwi eniake analimbana nalo. Mwana wanuyo si mdani. Wapeza chinthu chimene chamuchotsa ku mowa, ndiye moto wake udakali walawilawi, ndipo moto wotere umawaula ndi zosayenera kuwaula zomwe. Ndikuuzirenitu kuti ine ndine wa mpingo wobatiza ana, monga inu. Ndiyesetsa kuti ndisakokere kwathu, koma mukamawerenga muzidziwa kumene ndaima.

Tiyambire apa: Baibulo lenilenilo silipima zinthu zonse pa mlingo umodzi. Pa Mateyu 23:23 Yesu anadzudzula Afarisi kuti ankapereka chakhumi cha timbewu tonunkhira, katsabola ndi chitowe, koma n'kusiya zolemera za chilamulo, zomwe ndi chiweruzo cholungama, chifundo ndi chikhulupiriro. Onani kuti sanawaletse kupereka chakhumi cha katsabola. Anangowauza kuti pali zolemera ndi zopepukirapo, ndipo iwo anali atazitembenuza. Paulo nayenso, pa 1 Akorinto 15, atalemba mitu yambiri yokhudza nyama, zofunda kumutu, malilime ndi ukwati, akuwakumbutsa chimene anawapatsa poyambirira penipeni: kuti Khristu anafera machimo athu monga mwa Malembo, anaikidwa m'manda, anauka tsiku lachitatu, ndipo anaonekera kwa mboni. Kenaka akunena mosapsatira kuti ngati Khristu sanauke, chikhulupiriro chathu n'chachabe. Mawu olemera choncho sanawanene pa nkhani ya zovala kapena ya zakudya.

Pali nkhani ina ya Paulo imene ndimaikonda kwambiri, chifukwa kiyi wa funso lanu ali m'menemo. Pa Machitidwe 16:3, Paulo anatenga Timoteo n'kumudula, kuti Ayuda a m'madera amene ankapitako asakhumudwe. Koma pa Agalatiya 2, Paulo yemweyo anakanitsitsa kuti Tito adulidwe, ndipo akuti sanagonjere ngakhale kwa kanthawi kochepa. Mpeni ndi womwewo, mwambo ndi womwewo. Kodi Paulo anali wa mitima iwiri? Ayi. Kwa Timoteo mdulidwe unali nkhani ya ulemu ndi kusalaza njira ya uthenga. Kwa Tito kunabwera anthu onena kuti wosadulidwa sangapulumuke, mawu omwe aja amene anachititsa msonkhano wa ku Yerusalemu pa Machitidwe 15. Chinthu chaching'ono chikangoikidwa pakhomo la chipulumutso, chaleka kukhala chaching'ono, chifukwa chalanda malo a Yesu. N'chifukwa chake Paulo amene akulankhula modekha pa Aroma 14 za odya nyama ndi odya ndiwo zamasamba zokha, ndi yemweyonso akuchita kulusa m'kalata ya kwa Agalatiya.

Ndikamaphunzitsa a kalasi ndimawakumbutsa za nyumba za kumudzi zija. Pali mizati, pali zipupa, ndiye pali zokongoletsa zimene amayi amalemba pakhoma akamatsutsuta. Mukasintha zokongoletsa nyumba ili chiimire. Mukasuntha chipupa, chipinda chimasintha, anthu ena amadandaula, koma mugonamo ndithu. Mukazula mzati, denga likugwerani.

Mizatiyo mumaitchula kale Lamulungu lililonse mukaimirira kunena Chikhulupiriro cha Atumwi. Mulungu ndi mmodzi, Atate wolenga zonse, Mwana ndi Mzimu Woyera. Yesu Khristu ndi Mulungu weniweni ndiponso munthu weniweni, anabadwa mwa namwali Mariya, anapachikidwa m'masiku a Pontio Pilato, anafa, anauka ndi thupi, ndipo adzabweranso kudzaweruza amoyo ndi akufa. Kuli kukhululukidwa kwa machimo, kuuka kwa thupi ndi moyo wosatha. Pamwamba pa izi tiikepo chimene Aefeso 2 akunena, kuti tinapulumutsidwa ndi chisomo mwa chikhulupiriro, osati ndi ntchito zathu, ndiponso kuti zonsezi timazidziwa kudzera m'Malembo. Mukadzachinenanso Chikhulupirirocho, mudzatchere khutu ku zimene mulibemo. Simudzamva za kuchuluka kwa madzi a ubatizo, tsiku lopembedza, malilime, chakhumi, ngakhale za thalauzi.

Kuti muone kusiyana kwa mzati ndi chipupa, taonani zimene zinachitika ku Nicaea m'chaka cha 325. Wansembe wina wa ku Alexandria, ku Iguputo, dzina lake Arius, ankaphunzitsa kuti Mwana wa Mulungu ndi cholengedwa, kuti inalipo nthawi imene kunalibe Iye. Mabishopu anasonkhana n'kukana chiphunzitsocho, ndipo msonkhano wa ku Constantinople mu 381 unatsindikanso zomwezo n'kuwonjezera za Mzimu Woyera. Sanachite izi chifukwa chokonda mikangano. Anaona kuti ngati Yesu ndi cholengedwa, ndiye kuti amene anatifera si Mulungu, ndipo ife pomupembedza tikupembedza cholengedwa. Chikhulupiriro cha ku Nicaea chimenechi Akatolika, a Orthodox, a Anglican, a Lutheran ndi a Presbyterian amachivomereza mpaka lero, ndipo a Baptist ndi a Pentekoste ambiri, ngakhale sachinena pamtima m'mapemphero, amaphunzitsa zomwezo. A Mboni za Yehova amasiyana nafe pa mzati umenewu, poti iwo amati Yesu ndiye woyamba kulengedwa. Kumeneko ndi kusiyana kwenikweni ndipo sitingakubise. Koma ndinene pambali kuti kusiyana pa mzati si chilolezo chochitira munthu nkhanza. Ife achikulire tikukumbukira zimene a Mboni anakumana nazo m'dziko muno chipembedzo chawo chitaletsedwa mu 1967, ndipo palibe Mkhristu angazinyadire.

Tsono mukamva chiphunzitso chachilendo, dzifunseni kuti: chimenechi ndikachichotsa, kodi Yesu asintha kukhala wina, kapena njira ya chipulumutso isintha? Funsaninso ngati Malembo akuchinena momveka m'malo ambiri, kapena chapachikidwa pa vesi limodzi lovuta. Ndipo onani ngati Akhristu oopa Mulungu, owerenga Baibulo lomwelo ndi mtima woona, akhala akusiyanapo kwa zaka mazanamazana. Pamene anthu otere amasiyana mpaka lero, kawirikawiri pamakhala pa chipupa osati pa mzati.

Tibwere ku ubatizo, poti ndi umene wakulasani mtima kwambiri. Kuti Mkhristu abatizidwe ndi madzi m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, limenelo ndi lamulo la Ambuye pa Mateyu 28:19, ndipo pafupifupi mipingo yonse imagwirizana. Mkangano uli pa msinkhu wa munthu ndi kuchuluka kwa madzi. Abale athu omiza ali ndi mfundo zomveka ndipo musawanyoze: pa Machitidwe 8 Filipo ndi mdindo wa ku Etiopia anatsikira m'madzi, Aroma 6 akufanizira ubatizo ndi kuikidwa m'manda pamodzi ndi Khristu, ndipo nthawi zambiri m'Chipangano Chatsopano munthu amayamba wakhulupirira kenaka n'kubatizidwa. Ife obatiza ana timaloza ku Machitidwe 16, pamene Lidiya anabatizidwa ndi a pabanja pake, woyang'anira ndende chimodzimodzi, komanso ku lonjezo la pa Machitidwe 2:39 loti ndi la inu ndi ana anu. Timati monga mwana wa Abrahamu ankalandira chizindikiro cha pangano asanadziwe kanthu, mwana wa okhulupirira amalandira chizindikiro cha chisomo chimene chimayamba ndi Mulungu, ndipo akakula amadzavomera yekha, monga munachitira inu mutatsiriza kalasi. Pa za madzi, pali kabuku kakale kwambiri ka malangizo a mpingo kotchedwa Didache, kolembedwa kufupi ndi nthawi ya atumwi, kamene kamati batizani m'madzi oyenda, koma ngati madzi okwanira palibe, thirani pamutu katatu. Ndiye kuti ngakhale Akhristu oyambirirawo sankayeza chipulumutso ndi ndowa.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse n'chakuti abusa a Baptist odziwa bwino chiphunzitso cha mpingo wawo sanganene kuti inu simunapulumuke chifukwa simunamizidwe. Iwo amati ubatizo ndi umboni wa chipulumutso chimene munthu walandira kale mwa chikhulupiriro. Angakuuzeni kuti mumizidwe ngati mukufuna kulowa mpingo wawo, ndipo umenewo ndi ufulu wawo, koma kumwamba sangakutsekereni. Wachifwamba uja wa pa Luka 23 analonjezedwa Paradaiso manja ali okhomedwa, osaona mtsinje kapena beseni. Mwana wanu wapitirira ngakhale pamene aphunzitsi ambiri omiza amalekezera.

Za malilime n'chimodzimodzi. Gulu la Pentekoste la masiku ano linafala kuchokera ku chitsitsimutso cha ku Azusa Street, mumzinda wa Los Angeles, mu 1906, ndipo labweretsa changu cha pemphero chimene ife a mipingo yakale tinayenera kuphunzirako. Mipingo ngati Assemblies of God imaphunzitsa kuti malilime ndi chizindikiro choyamba cha ubatizo wa Mzimu, koma imasiyanitsa ubatizo umenewo ndi chipulumutso, ndipo sinena kuti wosalankhula malilime ndi wotayika. Paulo, amene ankalankhula malilime kuposa Akorinto onse, akufunsa pa 1 Akorinto 12:30 ngati onse amalankhula malilime, ndipo yankho lake n'loti ayi, monga si onse ali atumwi kapena aphunzitsi. M'mutu womwewo, vesi 3, akuti palibe anganene kuti Yesu ndi Ambuye koma mwa Mzimu Woyera. Ngati mumavomereza Yesu ndi mtima woona, amene anakuphunzitsani kutero ndi Mzimuyo. Zipatso zake pa Agalatiya 5 ndi chikondi, chimwemwe, mtendere, kuleza mtima ndi zina zotero, ndipo mayi amene wakhala akuchezera pa maliro a anthu, kutunga madzi ndi kuphikira odwala asauzidwe kuti Mzimu sanamufike.

Mnzanu wa tomatoyo musadane naye. A Seventh-day Adventist ali m'dziko muno kuyambira 1902 pamene anakhazikika ku Malamulo, m'boma la Thyolo, ndipo amavomereza Utatu, imfa ndi kuuka kwa Yesu monga ife. Iwo amasunga Loweruka chifukwa cha lamulo lachinayi, ife timasonkhana Lamulungu chifukwa ndi tsiku limene Ambuye anauka, monga ophunzira a ku Trowa anasonkhana tsiku loyamba la sabata pa Machitidwe 20:7. Aroma 14:5 akuti wina amayesa tsiku lina loposa linzake, wina amayesa masiku onse chimodzimodzi, aliyense atsimikize mumtima mwake. Akolose 2:16 akuwonjezera kuti munthu asakuweruzeni pa za chakudya, chikondwerero kapena sabata. Asunge tsiku lake mwaulemu, inu lanu.

Nkhani ya thalauzi ndiyo imandiseketsa pang'ono. Malembo amafuna kudzilemekeza pa kavalidwe, kwa amuna ndi akazi omwe, ndipo zimenezo n'zoona. Koma vesi la Deuteronomo 22:5 limene anthu amalitchula linalembedwa nthawi imene amuna a Israeli sankavala thalauzi n'komwe, ankavala mikanjo. Kuno kwathu, lamulo la boma la 1973 linaletsa amayi kuvala thalauzi pagulu mpaka mphepo ya zipani zambiri itawomba, ndipo ambirife tinakula tikuyesa kuti limenelo ndi lamulo la Mose. Ngati mpingo wanu uli ndi mwambo wa chitenje ndi duku m'tchalitchi, mwana wanu wamkazi aulemekeze akapita kumeneko, monga mlendo amalemekezera mwambo wa pakhomo. Koma za gehena zija mchimwene wake azisiye.

Tsopano ndikuchenjezeni mbali inayo, kuopa mungamve ngati ndati zonse zimene si mizati n'zosafunika. Chipupa ndi chofunika, funsani amene anagonapo m'nyumba yopanda chipupa mwezi wa Juni ku Dedza. Ubatizo, Mgonero, kayendetsedwe ka mpingo, kudzoza amayi, zonsezi ndi nkhani zolemera moti mpingo umodzi sungachite mbali ziwiri nthawi imodzi, n'chifukwa chake pali mipingo yosiyana, ndipo si tchimo kukhala ndi maganizo olimba pa zimenezi. Komanso pali anthu ochenjera amene amatenga chigololo, katangale, kumenya mkazi kapena kupita kwa sing'anga kukakhwima, n'kumati izi ndi nkhani zazing'ono, aliyense ndi chikumbumtima chake. Ayi. Zimene Malembo amazitchula poyera kuti ndi tchimo sizilowa m'gulu la Aroma 14. Ndivomerenso kuti mipingo simalemba mzere pamalo amodzi ndendende. Akatolika amaika masakramenti ndi udindo wa Papa kufupi kwambiri ndi pakati kuposa mmene ife timachitira. Komabe iwonso, pa msonkhano wa Vatican wachiwiri mu 1964, ananena kuti zoona za chikhulupiriro zili ndi mndandanda, zina kufupi ndi maziko kuposa zinzake, ndipo amavomereza ubatizo wa mipingo ina wochitika ndi madzi m'dzina la Utatu. John Calvin, mmodzi wa atsogoleri oyambirira a Aprotestanti, nayenso analemba kuti mfundo za chiphunzitso si zonse zofanana kulemera.

Mbiri ya mpingo ili ndi zipsera za kusokoneza ziwirizi. Mu 1527 mumzinda wa Zurich, Felix Manz anamizidwa mumtsinje wa Limmat mpaka kufa chifukwa chophunzitsa ubatizo wa akuluakulu, ndipo amene anamupha anali a mbali yathu, obatiza ana. Ndimanena zimenezi ndi manyazi. Mu 1529 ku Marburg, atsogoleri awiri a Aprotestanti, Martin Luther ndi Ulrich Zwingli, anagwirizana pa mfundo 14 mwa 15, n'kulephera kumvana pa imodzi yokha ya Mgonero, ndipo mipingo yawo inayenda njira zosiyana kwa zaka mazana. Koma ziliponso zokoma. Cha m'ma 155, bishopu Polycarp wa ku Smyrna anapita ku Roma kukakambirana ndi bishopu Anicetus za tsiku la Pasaka. Palibe anagonja, koma Anicetus anapatsa mlendo wakeyo ulemu wotsogolera Mgonero, ndipo anasiyana mwamtendere. Kwathu kuno, a mishoni ya Livingstonia ndi ya Blantyre anagwirizana kupanga CCAP mu 1924, Nkhoma n'kulowa mu 1926, ngakhale amishoni ake anali ochokera ku Scotland ndi ku South Africa, a miyambo yosiyana. Ndipo Baibulo la Buku Loyera limene linatuluka mu 1998 analimasulira pamodzi Akatolika ndi Aprotestanti.

Nanga mwana wanuyo muchite naye bwanji? Khoswe wakhala pa mkhate, ndiye musaponye mwala. Musanyoze mpingo wake kapena abusa ake, chifukwa mukatero muzingomukankhira komweko. Yambani ndi kumuyamikira kuti anasiya mowa ndipo akuwerenga Baibulo. Ngati iye mwini akufuna kumizidwa, muuzeni kuti ayambe wacheza ndi abusa kapena mkulu wa mpingo wa kwanuko, chifukwa mipingo yobatiza ana sivomereza ubatizo wachiwiri ndipo zimakhudza umembala wake, tsono achite akudziwa. Inuyo musabatizidwenso chifukwa cha mantha kapena pofuna kugula mtendere wa pakhomo. Aroma 14:23 akuti chilichonse chosachokera m'chikhulupiriro ndi tchimo. Achinyamata ambiri amene ndawaona akuyaka chonchi amafewa pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, makamaka akakumana ndi Akhristu okhwima a mipingo ina, ndipo ena mwa iwo lero ndi akulu a mpingo odalirika.

Koma pali zizindikiro zimene mukaziona musadikire kuti afewe yekha. Akayamba kunena kuti gulu lawo lokha ndilo lidzapulumuke, kapena kuti mawu a mneneri wawo safunsidwa. Akauzidwa kuti inu kapena agogo ake ndi mfiti zomutsekera mwayi, ndiye adule ubale. Akayamba kupereka ndalama za fizi ngati mbewu, kujomba m'kalasi chifukwa cha mapemphero a kuphiri, kapena kuuzidwa kuti asiye mankhwala a kuchipatala poti wachiritsidwa. Kusala kudya ndi chinthu chabwino pamalo pake, koma ku Shakahola m'dziko la Kenya, mu 2023, anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu a gulu limene linauzidwa kusala mpaka kufa kuti akaonane ndi Yesu. Mukaona zotere itanani abusa anu ndi amalume ake mukhale pansi msanga, ndipo ngati kuli kotheka dziwitsani woyang'anira zauzimu ku koleji kwake. Ngati sakugona masiku angapo, akulankhula zosalumikizana, kapena akumva mawu omulamula kudzipweteka, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, pemphero lizitsagana nanu m'njira. Inunso kusowa tulo kukapitirira milungu ingapo, kapena mtima ukamangogunda ndi mantha a chiweruzo, musadzitsekere nazo. Kawaoneni abusa anu, ndipo kayezetseni kuthamanga kwa magazi.

Akabweranso pa holide, mutatha kudya, mupatseni Baibulo lanu lija muti akuwerengereni 1 Akorinto 15 kuyambira vesi 1 mpaka 8, kenaka Aroma 10:9. Akamaliza muuzeni kuti, "Mwanangu, zonsezi ine ndimakhulupirira. Tandionetsa pamene pakuti sizikwanira." Mufunse mofatsa, osati momutchera msampha, ndipo mumupatse nthawi yofufuza, ngakhale ikhale sabata yathunthu. Zimene adzakuyankheni mudzandilemberenso, ndidzafuna kumva.